Malaya Amene Mwamuna Wanga Sankavula

1

Dzina langa ndine Vailet. Ndinabadwira m'malaini, nyumba za antchito a pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, kumene makolo anga anafikira atawoloka Ruo pothawa nkhanza za Apwitikizi. Ena mwa inu amene munakhalako cha ku Changata munaimva kale nkhani yangayi, koma munaimva yopotoka. Lero imveni kwa mwini wake.

Mwamuna wanga ndi Goodson. Masiku amenewo ndikati mwamuna, ndinkanena mwamuna weniweni. Ankanyamula bokosi la tiyi paphewa limodzi kuchokera m'fakitale mpaka pangolo, kwinaku akuimba. Pa Khirisimasi mzungu wa esiteti ankakonza mpikisano wothamanga ndi wokokana chingwe, ndipo anyamata a malaini ena akamva kuti Goodson alipo, ena ankayamba kudwala mwendo mwadzidzidzi.

Ndi pa mpikisano wotere pamene mbusa wa kumishoni, amene ankayang'anira sukulu ya pa esiteti, anamuona. Chinali chaka cha 1933. Mwana wathu Leah anali asanayambe n'kukwawa komwe.

"Amake Leah," anatero Goodson atabwerako kwa abusawo, "akuti ndipite kukoleji ya aphunzitsi. Zaka ziwiri."

"Mukaphunzire chiyani, poti kuwerenga mumadziwa kale?"

"Thupi la munthu. Kaimidwe, kapumidwe, kathamangidwe. Ndikadzabwerako ndidzakhala mphunzitsi wa dirilu, wolimbitsa ana matupi."

Ndinaseka mpaka misozi. "Kudumphadumpha nakonso kuli ndi koleji?"

Amene sanaseke anali achimwene anga a Everson. Iwo anali kapitawo pa esitetipo, komanso nkhoswe ya ukwati wathu. Mlamu wawoyo sankamukonda chiyambire, chifukwa anthu ankamutama kwambiri.

"Uku n'kuthawa thangata mwaulemu," anatero. "Nanga nyumba yake aigwirira ntchito ndani kuti mzungu asaigwetse?"

"Ndigwira ndine, achimwene," ndinayankha.

Ndinagwiradi. Zaka ziwiri ndinathyola tiyi, dengu kumsana, mwana pachifuwa, chiperoni chikundilowa m'mafupa. Sindinadandaule. Ndinkadziwa kuti ndidzakhala mkazi wa aphunzitsi.

2

Patchuthi cha chaka choyamba Goodson anabwera ali wosangalala ngati mwana. Ankandigwira dzanja n'kumanditchulira mayina a mafupa m'Chingerezi. Ankaimirira ndi manja, miyendo ili m'mwamba, kuti Leah aseke. Tsiku lina anatinyamula tonse awiri, ine ndi mwana, n'kuzungulira nafe nyumba, anansi akuwomba m'manja.

Amene anabwera atamaliza chaka chachiwiri anali munthu wina.

Anafika masana, atanyamula kabokosi kachitsulo, wenzulo ili pakhosi, atavala kabudula woyera ndi malaya a manja aatali omanga mabatani mpaka kukhosi. Leah anamuthamangira atatambasula timanja. Goodson anabwerera m'mbuyo n'kuika manja kumbuyo.

"Ndili ndi fumbi la m'njira, mwanawe. Pita kwa amako."

Fumbilo silinathe. Tsiku lomwelo anapatula mbale yake ndi chikho chake, nati kukoleji anawaphunzitsa ukhondo. Anayala mphasa yake pafupi ndi chitseko, nati msana ukufuna malo ouma. Kusamba ankakasambira kutali, kumunsi kwa mtsinje kumene sikufika anthu. Zovala ankachapa yekha. Kutenthe bwanji, malaya aja sankachoka pathupi.

Ndinapirira mwezi, kenako ndinafunsa.

"Bambo a Leah, kodi ndikununkha?"

"Iyayi."

"Kapena kukoleji anakuphunzitsani kuti mkazi wothyola tiyi sagwiridwa?"

"Ndipatseni nthawi, amake Leah. Ndikukupemphani."

"Zaka ziwiri zija sinali nthawi?"

Anatola wenzulo yake n'kutuluka.

3

Kusukulu kokha n'kumene Goodson ankaoneka wamoyo. M'mawa uliwonse ankandandika ana pabwalo, ana a m'malaini otuwa miyendo ndi otupa mimba, n'kuyamba nawo. "Lefuti, raiti! Manja m'mwamba! Kokani mpweya!" Posakhalitsa ana aja anayamba kuyenda mowongoka, maso ali kutsogolo. Amayi othyola tiyi ankaima pamzere n'kumasuzumira, mpaka achimwene a Everson kuwakalipira. Mzungu wa esiteti anabwera ndi alendo ake kudzaonerera, ndipo analonjeza kugulira sukuluyo mpira wachikopa.

Chimodzi chokha ndinachiona chimene ena sanachione. Goodson sankakhudza mwana ndi dzanja. Mwana akapinda msana, ankamuwongola ndi kansungwi kakatali, ali chapatali.

Ndiye panali za Lachisanu. Akaweruka kusukulu ankanyamuka, akuti akupita kumishoni kukafotokoza za ntchito. Ankabwera Loweruka dzuwa litapendeka, ali wolefuka, maso ali psuu, akuyenda ngati nkhalamba.

Anthu a m'malaini sagona ndi nkhani. Tsiku lina tikuthyola tiyi, mkulu wanga Esnat anandiyandikira.

"Vailet, wakutsina khutu ndi mnansi. Kumishoni kumene amapita alamuwo kuli ndi dzina."

"Mukutanthauza chiyani, achemwali?"

"Dzina lake ndi Anesi. Amakhala yekha kuseri kwa phiri, nyumba yakumapeto kwenikweni. Anthu ogulitsa nthochi awaona akulowamo, osati kamodzi."

Ndinapitiriza kuthyola, koma maganizo anali kwina moti ndinkathyola ndi masamba okhwima omwe. Pasikelo tsiku limenelo anandibwezera dengu lonse.

Mawa lake ndinamupeza Goodson pakhonde akusita kabudula wake ndi simbi ya makala. Anali atatsamira, maso ali kuphiri. Ndinamva fungo la nsalu yopserera. Mkono wake unali utagunda simbi, dzanja la malaya likufuka utsi, iye osasuntha n'komwe.

"Mukupsa!" ndinakuwa.

Anadzidzimuka, n'kuphimba mkonowo msangamsanga. Mumtima ndinati: taonani, mkazi ameneyu wamudya mtima mpaka moto sakuumva.

4

Lachisanu lotsatira ndinasiya Leah kwa Esnat n'kumutsatira chapatali. Ndinamutaya pamphambano ina, chifukwa ankayenda mofulumira, choncho ndinangofunsira njira ya kwa Anesi n'kukabisala m'nthochi za kuseri kwa nyumba yake.

Ndinadikira mpaka mithunzi inatalika. Kenako ndinamuona akubwera, osati kuchokera kwathu koma kuchokera kumtunda, akudzikoka. Chitseko chinatseguka. Panatuluka mayi wamng'ono thupi, wamkulupo kwa ine, atafunda nsalu mpaka m'manja. Sanapatsane moni ngati alendo. Mayiyo analowetsa phewa lake kukhwapa kwa mwamuna wanga n'kumulowetsa m'nyumba.

Ndikanatha kupirira zimenezo. Koma patapita kanthawi mayi uja anatulukanso ndi beseni, ndipo m'besenimo munali malaya. Malaya aja a manja aatali, amene ine mkazi wake sindinkaloledwa ngakhale kuwayanika. Anawathira madzi otentha n'kuyamba kuwapondaponda ndi mapazi, akung'ung'udza nyimbo.

Sindinalowe m'nyumbamo. Mwina ndikanalowa, nkhani ino bwenzi ili ina. Ndinathamanga njira yonse mpaka kwa achimwene.

A Everson anamvetsera akupukusa mutu, koma m'maso mwawo ndinaona kuti nkhaniyo yawakomera.

"Ndinanena ine," anatero. "Pukuta misozi, mlongo wanga. Lamulungu lino tiona ngati koleji imaphunzitsanso kuyankha milandu."

5

Ine ndinkayesa kuti tikhala apabanja okha: achimwene, amayi, ndi amalume ake a Goodson. Koma titatuluka m'tchalitchi ndinapeza bwalo la kwa amayi ladzaza. Panali akulu a mpingo, makolo a ana a sukulu, ndi anthu ongofuna kumva. A Everson anali atatuma anyamata awiri kukamutenga Anesi mokakamiza. Anamukhazika pakati, atazyolika, manja ali m'nsalu.

Goodson atamuona mayiyo, nkhope yake inagwa.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "abalalitseni anthuwa. Ndilankhula zonse, koma kwa apabanja okha."

"Pochita munabisa, pomva tonse timva," anayankha a Everson. "Kodi mayi uyu mumamudziwa?"

"Ndimawadziwa."

"Mumagona m'nyumba mwake?"

"Ndimagonamo."

Anthu anang'ung'udza. Mkulu wa mpingo anaimirira nati munthu wachigololo sangaime pamaso pa ana, ndipo mawa lomwe akanena kumishoni. Azimayi ena anayamba kumutukwana Anesi. Wina anamuponyera chibuma. Iye anangodzikulunga kwambiri m'nsalu yake.

"Taonetsa nkhope, wakuba amuna a eni iwe!" anakuwa a Everson, n'kutambasula dzanja kuti amulande nsaluyo.

"Musawakhudze!"

Mawu amenewo anali a mwamuna wanga, mawu aja a pabwalo la dirilu. Goodson anaimirira pakati pa bwalo. Anandiyang'ana ine, osati wina aliyense. Kenako anayamba kumasula mabatani, limodzilimodzi, kuyambira kukhosi. Anavula malaya aja n'kutembenuka.

Msana umene ndinkaudziwa ngati chikhatho changa unali ndi mawanga otuwa mofiirira, aakulu ngati masamba a mbatata, m'mphepete mwake motukuka. Kuzungulira mawangawo kunali timabala ta singano tosawerengeka, tina totupa, tina totuluka madzi. Pamkono panali chilonda cha simbi ija, chachiwisi.

"Ndi khate," anatero.

Sindinaonepo bwalo likuphwasuka chotero. Anthu anagwetsana, azimayi akukoka ana awo, akulu a mpingo akuiwala zipewa. Anakaima patali, m'mphepete mwa tiyi, n'kumayang'ana.

Goodson analankhula mokweza kuti onse amve.

"Kukoleji anatiphunzitsa kuzindikira matenda a ana. Tsiku lina mphunzitsi anatipatsa nthenga ya nkhuku kuti tiziyesana. Wina atseke maso, mnzake amukhudze pakhungu, iye anene pamene wakhudzidwa. Mnzanga anandikhudza pamsana. Anandikhudzanso. Ine ndinali chidikirire kuti ayambe. Iye anayesa kuti ndikuchita nthabwala, koma ine ndinadziwa. Ndinali nditatsala pang'ono kumaliza, ndipo mkazi wanga anali akuthyola tiyi ndi mwana pachifuwa chifukwa cha ine. Ndinakhala chete."

Kenako anapitiriza.

"Lachisanu ndimapita kuchipatala cha akhate kukabayitsa jekeseni wa mafuta. Kumeneko amandidziwa ndi dzina lina. Mankhwalawo amawotcha ngati moto, munthu sungayende ulendo wautali. Mayi awa anachira komweko. Anandipeza nditagwa m'njira, n'kunditola. Mlandu wawo ndi umenewo."

Anesi anatulutsa manja m'nsalu pang'onopang'ono. Zala zake zinali zotsala timfundo tokha. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake ankachapa ndi mapazi.

6

Musaganize kuti anthu anamumvera chisoni. Makolo anakwiya kuposa poyamba, ndipo sindingawaweruze.

"Miyezi yonseyi wakhala akupumira ana athu!" anakuwa bambo wina. "Bola chikanakhala chigololo!"

Lolemba m'mawa mzungu wa esiteti anatuma uthenga kuti dzuwa lisalowe Goodson ali pamalo ake. Abusa anabwera, anaima pamsewu, nati ndi zachisoni koma sukulu siingamusunge. Anyamata a achimwene anatulutsa mphasa yake, mbale yake ndi kabudula woyera uja pogwiritsa ntchito mitengo, n'kuzitentha pabwalo. Ana amene masiku onse ankamuthamangira anabisidwa m'nyumba.

Ndinamupeza atakhala pachitsa kuseri kwa nyumba. Nditayandikira anakweza dzanja.

"Imani pomwepo, amake Leah."

Ndinaima, koma pakamwa sipanaime.

"Munandisandutsa chitsiru! Ndinkagona ndikulira, ndikudzinunkhiza m'khwapa, ndikudzifunsa chimene ndalakwa. Mlendo wa kuseri kwa phiri anadziwa, ine mkazi wanu osadziwa. Munandiyesa chiyani?"

"Ndinkafuna ndichire kaye. Adokotala anati mwina mawanga atha. Ndinkati tsiku lina ndidzakuuzani ngati nkhani yakale."

"Nanga Leah? Mukanamupatsira?"

"N'chifukwa chake sindinamunyamule. Mukudziwa kuwawa kwake, mwana wako akukutambasulira manja iwe n'kuika ako kumbuyo? Adokotala anandiuza kuti ndisamukire kumudzi wa odwala. Ndinakana. Ndinaopa kutaya ntchito, ndinaopa kutaya inu. Ndalakwa, ndipo ndataya zonse ziwiri."

Anaimirira, anatola kabokosi kake kachitsulo, n'kulowera njira ya kumtunda. Sanatsanzike mwana. Ndinamuyang'ana mpaka anabisika m'mitengo ya bulugamu.

Madzulo ake achimwene anasonkhanitsa mbumba.

"Ukwati watha," anatero. "Wakhate ndi maliro oyenda. Tikupezera mwamuna wina."

Ndinakhala masabata angapo osalankhula ndi munthu. Pamzere wa tiyi akazi anzanga ankasiya mpata pakati pa ine ndi iwo. Kuchitsime ankadikira kuti ndichoke. Ndinaona kuti ngakhale khungu langa linali losalala, kwa iwo ndinali wakhate kale. Ndipo nthawi zonse ndinkaona msana uja, ndi munthu akuyenda yekha mtunda wonsewo Loweruka lililonse kubwerera kunyumba kumene ankalandiridwa ndi nkhope yokwinya.

Tsiku lina ndinamanga katundu wanga, ndinabereka Leah, n'kutuluka. A Everson anandiimira pakhomo.

"Ukupita kuti?"

"Kwa mwamuna wanga."

"Iwe ndiwe wamkulu, ukafune imfa yako wekha. Koma mwanayu ndi wa mbumba ino. Sapita kwa akhate."

"Achimwene, ndi mwana wanga!"

"Sankha."

Ndinayang'ana amayi, anayang'ana kumbali. Ndinayang'ana Esnat, misozi ili mbwembwembwe. Mumtima ndinkadziwa kuti pa ichi chokha achimwene sankanama: kumene ndinkapitako sikunali koyenera mwana. Ndinamasula mbereko. Esnat anamulandira. Leah ankayesa masewera, ankaseka. Anayamba kulira nditafika kumsewu, ndipo kulira kumeneko ndinakumva mpaka kutsidya kwa mtsinje.

7

Ndinayamba ndadzera kwa Anesi. Ndinagwada pakhomo pake n'kupepesa. Iye anangoti, "Dzukani, mayi. Ine anthu ananditaya kale, chibuma chimodzi sichingandiphe." Ndi iyeyo amene anandiperekeza kuchipatala.

Goodson atandiona anakhala pansi n'kulira ngati wafedwa. Atafunsa za mwana, tinalira tonse.

Tsopano patha zaka zinayi. Ine ndimakhala kunja kwa mudzi wa odwala, ndimalima dimba la chipatala, ndipo mpaka lero matendawa sanandigwire. Goodson sanachire monga ankayembekezera. Mawanga ena anazilala, koma zala ziwiri za dzanja lamanzere zinapindika, ndipo kuthamanga kunatha. Miyezi yoyamba ankangokhala pakhonde osalankhula. Kenako anaona mnyamata wina amene zala zake zinayamba kuuma, n'kumuonetsa mmene angaziwongolere ndi kuzitikita ndi mafuta m'mawa uliwonse. Anabwera wachiwiri, anabwera wachitatu. Adokotala ataona, anamupatsa bwalo. Lero odwala amandanda pamenepo m'mawa, ena ndi ndodo, ena atakhala pansi, akutambasula zimene zinawatsalira. Kumeneko Goodson amagwira anthu ndi manja ake, ndipo palibe amathawa.

Chaka chatha ndinalimba mtima n'kupita kumalaini. Achimwene analola kuti ndimuone mwana, koma ndiime kunja kwa mpanda. Esnat anatuluka atamugwira dzanja. Leah anali atakula, miyendo italiitali ngati ya bambo ake. Ndinagwada n'kumuitana.

"Leah! Bwera, mwanawe."

Anandiyang'ana, kenako anabisala kuseri kwa nsalu ya Esnat.

"Amayi," anafunsa monong'ona, "mayi awa akufuna chiyani?"

Esnat anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma ndinamupukusira mutu. Ndinasiya nthochi zimene ndinanyamula pampandapo n'kubwerera. Goodson atandifunsa, ndinamuuza kuti mwana ali bwino, wanenepa, ndipo wapereka moni.

Inu owerenga, musandifunse ngati ndinasankha bwino. Masiku ena ndikaona odwala aja akuseka pabwalo ndimati inde. Masiku ena ndikamva mwana wa munthu akuitana amake ndimati ayi. Chimene ndingakuuzeni ndi ichi. Inu amuna, chimene mukubisira mkazi wanu poopa kuti athawa, iye akuchiona kale, kungoti akuchipatsa dzina lolakwika, ndipo dzina lolakwikalo limapweteka kuposa loona. Inu akazi anzanga, mukafika pakhomo lotseka, gogodani kaye musanathamangire kukaitana mudzi, chifukwa mudzi ukabwera subwerera chimanjamanja. Kwathu unanyamula ntchito, ulemu ndi mwana. Ife tikadali moyo, tikudya, tikupemphera. Koma kumalaini kuli mtsikana amene akukula bwino, wokondedwa, wosasowa kanthu, ndipo sadziwa kuti mayi amene amaima kunja kwa mpanda uja ndi ndani.